Chitsekero Chimene Chinagwera M'kati

Pa Kamwendo, pomwe msewu wochokera ku Kasungu umakumana ndi wa Lilongwe kupita ku Mchinji, nyengo ya mtedza ndi soya ikafika galimoto sizipuma. M'nyengo yotereyi bambo wina anabwera ndi lole yake kwa makaniko, madzi akudontha m'mbali mwa buloko ya injini. Zitsekero zozungulira zija amakaniko amati ma welsh plug zinali zitadyeka ndi dzimbiri, poti iye ankangothira madzi a pamjigo opanda coolant.

Mabowo amene zitsekerozi zimatseka ndi akufakitale. Ndimo munatulukira mchenga pomwe buloko inkaumbidwa, ndipo kuseri kwake kumayenda madzi oziziritsa masilinda.

Makaniko anali kalikiliki ndi galimoto ina, ndiye ntchitoyo anapatsa wophunzira wake. Mwini lole sanachoke pambali pake.

"Fulumira, mnyamata iwe, mawa matumba akuyenera kukafika ku Lilongwe."

Mnyamatayo anaika tchizulo pakati penipeni pa chitsekero n'kumenya ndi hamala mwamphamvu. Chitsekero chinalowa m'kati, osaonekanso. Anacheuka, anaona kuti palibe wamuona, n'kukhomera chatsopano. Oil seal ya pa crankshaft nayo anaizula ndi sikuludiraiva mpaka kukanda chitsulo.

"Zatheka?" anafunsa makaniko.

"Zatheka, bwana."

Lole inanyamuka itasenza. Isanafike pa Namitete, nthunzi inayamba kufuka. Chitsekero chija chinali chitapingasa njira ya madzi, gasiketi inapsa, hedi inapindika. Oilo naye ankachucha potsata pokandika paja. Mtedza unagona pamsewu, ndipo ndalama ya zokolola inathera pa injini.

Inu amene mukuphunzira ntchitoyi, chitsekero sachimenya pakati. Gogodani m'mphepete pang'onopang'ono kuti chipendekeke, kenako chikokeni ndi pulayazi. Palani dzimbiri m'bowomo osakanda khoma lake, tsukani njira za madzi, ndipo chatsopano chilowe chowongoka. Mukatsegula zitsekero za njira za oilo, ziwerengeni pochotsa ndi pobwezera, chifukwa chimodzi chikaiwalika oilo amataya mphamvu, mabering'i n'kupsa.

Inunso eni galimoto, musakhale pakhosi pa mmisiri. Ndipo ophunzitsa, wophunzira amene amakuopani amabisa zolakwa. Akulu adati safunsa adadya phula. Mnyamata uja akanalimba mtima n'kunena kuti, "Bwana, chagwera m'kati," waya ndi maginito zikanachivuula tsiku lomwelo, injini ikanapulumuka.