M'bale Wanu Akatuluka M'gulu Loletsa Mankhwala

Chikuku chitavuta ku Malawi mu 2010, mipingo ina inakaniza ana katemera. Ku Shakahola, m'dziko la Kenya, kuyambira mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya otsatira a Paul Mackenzie, ambiri atafa posala kudya.

Wotuluka m'gulu lotere amabwera ndi mantha, poti anamuopseza kuti akachoka adzatembereredwa. Anzake onse anatsala komweko. Mukamuseka, abwerera.

Chitani izi:

1. Mulandireni. Musamufunse kuti, "Nzeru zinali kuti?"
2. Mperekezeni kuchipatala ku Insaca. Ngati anasiya ma ARV kapena mankhwala a TB, akanene. Ana akabayitse katemera amene anaphonya.
3. Ngati wasala kudya masiku ambiri, kumukhutitsa nsima tsiku loyamba n'koopsa. Ayambe ndi phala pang'onopang'ono, achipatala akumuona.
4. Muzimutenga popita kumunda, kumsika ndi kumaliro, apeze anzake atsopano.
5. Akamalankhula zodzipha, musamusiye yekha. Thamangani naye kuchipatala.

Mantha satha tsiku limodzi, choncho pirirani naye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.