Phunziro 18: Mayina a Maukonde

Mnyamata wina wa m'Sitandade 5 ankakhala ku Dedza, kutali ndi nyanja. Tsiku lotsekera sukulu, aphunzitsi anaonetsa ana sewero la mawu opingasa ndi otsitsa. Anawauza kuti sewero lotere linasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1913 m'nyuzipepala ina ya ku New York, ndipo amene analikonza ndi Arthur Wynne. M'seweroli wokonza amalemba matanthauzo okha. Wosewera amapeza mawuwo nawalemba m'timabokosi, lembo limodzi m'kabokosi kamodzi. Aphunzitsi analamula kuti potsegulira sukulu mwana aliyense adzabwere ndi sewero lakelake.

Patchuthi mnyamatayo anapita kwa agogo ake ku Senga Bay m'boma la Salima. Agogowo anali msodzi wodziwika. M'mawa wina anawapeza atakhala pamchenga akusoka ukonde wong'ambika, ndipo anaganiza zowayesa ndi tanthauzo limene analemba.

"Agogo, tandiyankhani. Chida chogwirira nsomba n'chiyani?"

"Mbedza," anatero agogo.

"Iyayi."

"Mono."

"Iyayi, agogo! Ine ndimati ukonde."

Agogo anaseka nati, "Nanga wolakwa ndani, mdzukulu wanga? Mbedza ndi mono sizigwira nsomba kodi? Funso lako lili ndi mayankho ambiri. Ndipotu maukonde omwewo ali ndi mayina awo. Khala pansi ndikuuze. Safunsa anadya phula."

Tsono agogo anayamba kuloza. "Lija akukoka anthu apo ndi khoka. Asodzi amaliponya m'madzi mozungulira ali pabwato, kenaka magulu awiri a anthu amagwira zingwe nalikokera kumtunda. Chili m'bwato umo ndi chilimira. Icho sichikokeredwa kumtunda ayi. Mabwato amachikoka pakati pa nyanja, ndipo chimagwira utaka ndi usipa. Usipawo timaukopa ndi nyali usiku. Awa ndikusokawa ndi matchera. Timawatchera madzulo, nsomba zimakodwa m'khosi, ndipo m'mawa timakawonjola."

Agogo anafotokozanso kuti kale makolo ankapota ulusi wa maukonde kuchokera ku mtengo wa bwazi, ndipo maukonde ena ankakolera nyama posaka. Masiku ano asodzi amagula maukonde a nailoni. Kenaka anapisa zala m'kabowo ka ukonde nati, "Kabowo aka ndi diso. Diso likakula, tinsomba timapulumuka n'kukakula. Diso likachepa, ukonde umasesa zonse."

Mnyamatayo analemba zonsezi. Ali mkati molemba, anaona anthu awiri akukoka neti ya udzudzu m'madzi osaya. Pomwepo analemba kuti, "Neti: ukonde wogwirira nsomba zing'onozing'ono." Atawerenga mokweza, nkhope ya agogo inasintha.

"Fufuta zimenezo msanga," anatero. "Neti ndi yogonamo kuti udzudzu usatipatse malungo. Maso ake ndi aang'ono kwambiri, kotero kuti imakokolola ndi ana omwe a chambo. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo chikawalavula amakulira m'madzi osaya ngati amenewa. Akatha anawo, chaka chamawa tidzagwira chiyani? N'chifukwa chake Boma limaletsa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala pamene chambo chikuswana. Pachilumba cha Mbenji, muno m'Salima, Mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Iwe ukalemba kuti neti ndi yogwirira nsomba, anzako a ku Dedza adzakhulupirira, pakuti nyanja sanaione."

Mnyamatayo anachita manyazi, nafufuta mawuwo. Anazindikira kuti tanthauzo labwino liyenera kukhala loona, ndiponso liyenera kuloza chinthu chimodzi chokha. Madzulo analemba matanthauzo atsopano nawawerengera agogo ake. Ulendo uno agogo anayankha mafunso onse asanu ndi awiri osaphonya, ndipo anapitiriza kusoka matchera awo akumwetulira.

Matanthauzo a mawu

kupingasa: kuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja
kutsitsa: kuyenda kuchokera pamwamba kupita pansi
mono: msampha wa nsomba wolukidwa ndi bango kapena nsungwi
kuwonjola: kuchotsa chimene chakodwa mu ukonde kapena mumsampha
kukokolola: kutenga zonse osasiyako kanthu
madzi osaya: madzi osazama

Mafunso

1. Kodi wokonza sewero la mawu opingasa ndi otsitsa amalemba chiyani?
2. N'chifukwa chiyani agogo analephera kuyankha funso loyamba?
3. Kodi khoka limasiyana bwanji ndi chilimira?
4. Fotokozani ubwino wa ukonde wa maso aakulu.
5. N'chifukwa chiyani agogo analamula mdzukulu wawo kufufuta tanthauzo la neti?
6. Kodi mwambi woti "safunsa anadya phula" umatiphunzitsa chiyani?

Sewero la mawu

Jambulani timabokosi iti m'makope mwanu. Musalembe kanthu m'timabokosi takuda. Lembo loyamba la yankho lilowe m'kabokosi kamene kali ndi nambala. Nambala ya kumapeto kwa tanthauzo ikusonyeza kuchuluka kwa malembo.

■ ■ ■ ■ 1 ■ 2 ■ ■ ■ ■
■ ■ ■ 3 □ □ □ □ ■ ■ ■
■ ■ ■ ■ □ ■ □ ■ ■ ■ ■
■ ■ ■ ■ □ ■ □ ■ ■ ■ ■
4 □ □ □ □ ■ 5 □ □ □ ■
■ ■ ■ ■ □ ■ □ ■ ■ ■ ■
■ 6 □ □ □ ■ ■ ■ ■ ■ ■
■ ■ ■ ■ □ ■ ■ ■ ■ ■ ■
■ ■ ■ 7 □ □ □ □ □ □ □

Otsitsa

1. Chimakokedwa ndi mabwato pakati pa nyanja. Chimagwira usipa ndi utaka. (9)
2. Dzina la chida chilichonse cholukidwa ndi ulusi, chokolera nsomba kapena nyama. (6)

Opingasa

3. Limakokeredwa kumtunda ndi magulu awiri a anthu. (5)
4. Mtengo umene makolo ankapezako ulusi wolimba. (5)
5. Kabowo kamene nsomba yaing'ono imapulumukirapo. (4)
6. Imatiteteza ku udzudzu usiku. Malo ake si m'nyanja. (4)
7. Amagona m'madzi usiku wonse, nakawonjoledwa m'mawa. (8)

Ntchito

Funsani akuluakulu kwanu mayina asanu a zida za kumunda kapena za kudambo. Lembani tanthauzo la chida chilichonse, ndipo muwerengere mnzanu. Akapereka mayankho awiri pa funso limodzi, konzaninso tanthauzolo.