ASILIKARI A M'MAGAZI NDI MAI WAPAKATI

Pa chuthi capitaci ndinapeza alongo anga kwathu ku Misuku atatupa nkhope ndi manja. Anali ndi pakati poyamba, pa miyezi 8. Agogo anati, "Musade nkhawa, amenewo ndi mapasa." Koma mutu utayamba kuwawa ndi maso kucita cidima, tinapita nao ku sikelo. Anamwino anapeza kuti magazi ao ali kuthamanga kopitirira 140/90, ndi kuti mumkodzo muli mapuloteni. Tsiku lomwelo anawatumiza ku cipatala ca pa boma pa Chitipa. Dzina la nthendayi ndi pre-eclampsia. Igwira mai pakati patapitirira masabata 20, makamaka pakati poyamba kapena pa mapasa.

Nditabwerera kuno ku sukulu ndinafunsa aphunzitsi a Biology za gwero lace, ndipo zimene ndinaphunzira ndi izi, anzanga.

M'magazi mwathu muli maselo oyera, ndiwo asilikari othira nkhondo ciriconse cacilendo. Tsono mwana wa m'mimba ndi mlendo ndithu, pakuti mbali yace ina anatenga kwa atate wace. Nanga asilikariwo amlekeranji? Funso limeneli analifunsa Peter Medawar m'caka ca 1953. Lero tidziwa kuti ena a iwo asanduka olandira mlendo. Maselo a NK a m'cibelekero athandiza nsengwa kukuza mitsempha ya mai kuti magazi ambiri afike kwa mwana. Ena, dzina lao Treg, ali ngati ankhoswe: aletsa anzao kupsa mtima.

Mwa mai wodwala nthendayi nchito imeneyi siyenda bwino. Mitsempha ija ikhala yopapatiza, nsengwa isowa mpweya, nitaya zinthu zoipa m'magazi a mai. Ankhoswe aja acepa, ndipo asilikari aukali, ma neutrophil ndi ma monocyte, adzuka nabvulaza mitsempha m'thupi monse, mu impso ndi mu ubongo momwe. Ndico cifukwa cace magazi athamanga, mapuloteni aturukira mumkodzo, ndipo mai angathe kukomoka ndi kuphupha ngati wakhunyu. Cinandidabwitsa ine kuti omteteza munthu omwewo ndiwo ampwetekanso.

Alongo anga anawabaya magnesium sulphate woletsa kukomokako, nawapatsa mankhwala ocepetsa kuthamanga kwa magazi. Koma mankhwala eni eni a nthendayi ndiwo kuturuka kwa nsengwa. Cotero madokotala anawacita opaleshoni masiku asanakwane. Anabadwa mwana mmodzi yekha, wamkazi. Agogo kufikira lero ali kufunsabe kuti mnzace anatsala kuti.