Thupi lasiya kutentha, nanga chitetezo chatsikiranji?

Adokotala,

Bambo anga a zaka 67 anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Mawa lake anayamba kubwebweta, mkodzo unachepa, BP inatsika, ndipo madokotala anati ndi sepsis. Atawaika dilipi ndi mankhwala thupi linasiya kutentha, mitima yathu inakhala pansi. Koma dzulo, tsiku lachisanu, dokotala ataona zotsatira za magazi anati chitetezo chawo cha m'thupi chatsika kwambiri, tisafulumire kusangalala. Bambo anayezedwa HIV kawiri, alibe. Nanga chitetezo chatsika bwanji? Kodi magaziwo anganene ngati achira? Ine ndine gadiyani wawo.

Mwana wawo wamkazi, Zomba

Mayi, pepani ndi matendawo.

Ambiri tikamva zoti chitetezo chatsika, maganizo amathamangira ku HIV. Koma sepsis payokha imagwetsa chitetezo ngakhale mwa munthu amene alibe kachilomboko. Sepsis ndi pamene thupi, polimbana ndi tizilombo tolowera m'mapapo, m'chikhodzodzo, m'mimba kapena pa bala, lisokonekera n'kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Kubwebweta kuja unali ubongo, kuchepa kwa mkodzo zinali impso. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2020 anawerengera kuti mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis ndipo 11 miliyoni anamwalira.

Kale madokotala ankaganiza kuti vuto lonse ndi chitetezo cholusa mopyola muyezo, moti m'zaka za m'ma 1990 anayesa mankhwala ambiri ochiziziritsa, koma odwala sanapulumuke nawo. Richard Hotchkiss ndi anzake ku St Louis, ku America, anaonetsa mbali inayo. Mu 2011 anapima akapamba ndi mapapo a anthu omwalira ndi sepsis, ndipo anapeza kuti maselo oyera otchedwa lymphocyte, aja timati asilikali a m'thupi, anali atafa ambirimbiri, otsalawo ali olefuka. Munthu wotere akhoza kugonjetsa matenda oyamba mothandizidwa ndi mankhwala, kenako n'kugwidwa ndi achiwiri m'chipatala momwemo.

Chimene dokotala wanu anaona, ndikhulupirira, ndi nambala ya ma lymphocyte pa pepala la zotsatira za magazi lotchedwa FBC. Mwa munthu wamkulu wathanzi imapitirira 1,000 pa microlitre imodzi ya magazi. Nambala ya tsiku loyamba sinena zambiri, chifukwa imatsika mwa odwala sepsis ambiri, ochira ndi osachira omwe. Kafukufuku wa mu 2014, ku St Louis komweko, anapeza kuti kusiyana kumaoneka pofika tsiku lachinayi: mwa amene anachira nambala inali itayamba kukwera, pomwe amene inakhalabe pansi anali pa chiopsezo chachikulu chodwalanso matenda ena kapena kumwalira pasanathe masiku 28. Choncho dokotala akamayendera odwala m'mawa, m'funseni kuti nambalayo inali bwanji tsiku logonekedwa, lero ili bwanji, ndipo adzayezanso liti. Ikhoza kukhala yotsika koma ikukwera, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Palinso muyeso wina wotchedwa HLA-DR. Umayeza ngati maselo ena oyera, ma monocyte, akuthabe kusonyeza anzawo tizilombo toyenera kumenyedwa. Guillaume Monneret ndi anzake ku Lyon, ku France, anaonetsa mu 2006 kuti HLA-DR ikakhalabe pansi tsiku lachitatu kapena lachinayi, chiopsezo cha imfa chimakula. Muyesowu umafuna makina apadera ndi magazi ongotengedwa kumene, ndipo ngakhale ku Ulaya zipatala zambiri siziuchita. Musataye ndalama kuusakasaka, popeza zotsatira zake sizingasinthe mankhwala a bambo. Ku Berlin mu 2009 anayesa mankhwala a GM-CSF pa odwala 38 ndipo HLA-DR inakweradi; mu 2018 mankhwala ena, interleukin-7, anachulukitsa ma lymphocyte. Koma palibe mwa awa amene atsimikizika kuti amachepetsa imfa. Ngati asayansi akuyesabe, musanyengeke ndi mabotolo “okweza chitetezo” amene amagulitsidwa pazipata za zipatala. Ena mwa iwo amangolemetsa impso zomwe zavulala kale.

Tsono kodi magazi anganene ngati bambo achira? Ayi, sanganene. Miyeso imeneyi imalosera bwino za gulu: mwa odwala ambiri amene nambala zawo zakhalabe pansi, omwalira amachuluka kuposa mwa anzawo. Koma siuza kuti wa pa bedi ili ndi uti, ndipo ambiri a nambala zotsika amatuluka akuyenda okha. Ine ndikaima pambali pa wodwala ndimadalira kwambiri zooneka ndi maso. Kodi akupuma kokwana 22 kapena kuposa pa mphindi? BP yapamwamba ili pa 100 kapena kutsikirapo? Akuzindikira anthu? Zitatuzi ndizo zili mu ndondomeko ya qSOFA ya mu 2016. Mkodzo ukabwerera, munthu n'kuyamba kupempha phala, ndimalimba mtima ngakhale pepala la ku labotale lisanakonzeke.

Madokotala ayeneranso kufufuza zina zotsitsa ma lymphocyte: ukalamba, kusadya mokwanira, mankhwala monga prednisolone ndi dexamethasone, komanso TB. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza TB mwa pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse odwala sepsis. Ambiri mwa iwo anali ndi HIV, komabe si kulakwa kufunsa ngati bambo ayezedwa TB.

Inu ngati gadiyani muli ndi gawo lalikulu, chifukwa matenda achiwiri amalowera pa kanula, pa chubu cha mkodzo, ndi pa chakudya chotsamwira m'mapapo. Sambani m'manja ndi sopo musanawagwire, ndipo odzazonda achite chimodzimodzi. Amene akutsokomola apereke moni ali panja, adandaule asadandaule. Powadyetsa akhazikeni tsonga. Atembenuzeni pafupipafupi kuopa zilonda za pamsana, ndipo muziwatsuka m'kamwa. Funsani anamwino tsiku ndi tsiku ngati chubu cha mkodzo chikufunikabe. Pamalo pa kanula pakafiira kapena kutupa, m'kamwa mukachita zoyera, pamilomo pakatuluka matuza, nenani msanga. Ndipo musadikire kuti thupi litenthe, chifukwa munthu wa chitetezo chotsika akhoza kudwalanso kwambiri thupi lili lozizira, chizindikiro n'kukhala kusokonezeka mutu kapena kupuma mwabefu.

Akadzatuluka, chitetezo chimatenga masabata kapena miyezi kuti chibwerere m'chimake. Amalize mankhwala onse ndipo asaphonye tsiku lokaonanso dokotala. Akayamba kutsokomola, kumva kuwawa pokodza kapena kufooka mwadzidzidzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, buku lawo la kuchipatala lili m'manja, ndipo muuze amene akuwaonayo kuti anadwalapo sepsis.