Gaussmeter: Chipangizo Choyezera Mphamvu ya Maginito

Kapepala aka ndi ka aphunzitsi a sayansi, ogwira ntchito m'malabotale, komanso amisiri osamalira maginito otchera tizitsulo m'zigayo ndi m'mafakitale a zakudya.

Gaussmeter ndi kabokosi koyendera batire, kokhala ndi galasi loonetsa manambala ndi waya wothera pa kandodo kopyapyala kotchedwa probe. Kunsonga kwa kandodoko kuli kachidutswa kamene kamatulutsa timagetsi tochepa kakayandikira maginito. Anatulukira zimenezi ndi Edwin Hall mu 1879 ku Johns Hopkins University, ku America. Muyezo wa mphamvu ya maginito ndi gauss kapena tesla, ndipo tesla imodzi ndi magauss 10,000. Kuyatsa ndi kuwerenga n'kosavuta, wophunzira wa fomu 2 atha.

Pomwe pagona nkhani ndi pa kagwiridwe ka kandodoko, ndipo apa ndi pamene ambiri akulakwitsa. Kachidutswa kaja kamamva mphamvu yokhayo imene ikukalasa mowongoka pankhope pake. Mukakapendeketsa ndi madigiri 10, nambala imatsika ndi pafupifupi 1.5 pa 100. Madigiri 30, imatsika ndi 13 pa 100. Madigiri 60, mwatsala ndi theka. Mtunda nawonso ndi choncho: mpata wa mamilimita awiri okha pakati pa kandodo ndi maginito aang'ono umagwetsa nambala kwambiri. Ndiye mwezi uno ayeza ndi uyu, mwezi wamawa ayeza ndi uja, aliyense ndi kagwiridwe kake, m'buku n'kulembamo kuti maginito afooka. Maginito abwinobwino amatayidwa motere, ofooka enieni n'kutsala pamakina.

Choipa kuposa apo n'chakuti munthu akaona nambala yochepa amayamba kukanikiza kandodoko, kukakhuza uku ndi uku ngati akunola mpeni pamwala. Musatero, chonde. Kachidutswako n'kosalimba, ndipo kakang'aluka sikuti nthawi zonse galasi limazima ayi. Limapitiriza kuonetsa manambala, koma abodza, inu osadziwa. Musakapinde, musakoke chogwira waya, musakasiye patebulo opanda chivindikiro chake. Pukutani kaye utuchi wa chitsulo womata pamaginito, chifukwa umakanda nsonga komanso umasokoneza muyezo. Ndipo sipanala kapena lumo zikhale kutali: maginito a neodymium amazitsomphola mwadzidzidzi, kandodo n'kuphwanyikira pakati, mwinanso chala chanu.

Njira yabwino ndi yotchipa mosangalatsa. Lembani kadontho ndi cholembera pamalo oyezera. Semani kathabwa kapena kapulasitiki kokhala ndi mpata woti kandodoko kazilowamo mofanana nthawi zonse. Musanayambe, bwezani nambala pa ziro kandodo kali m'kachitini kake kotchinga mphamvu ya maginito, pakuti dziko lenilenili lili ndi mphamvu yake, pakati pa magauss 0.25 ndi 0.65 malinga ndi dera. Ngati kachitiniko palibe, chitirani zimenezi kutali ndi zitsulo, osati pabenchi yachitsulo monga tazolowera. Sungani maginito amodzi m'bokosi, osawagwiritsa ntchito ina, oyeserapo chipangizocho tsiku lililonse loyeza. Mukatero mudzadabwa: anthu atatu osiyana, nambala n'kumatuluka yofanana! Pamenepo buku lanu layamba kunena zoona.

Tikudziwa kuti ambiri amangoponya msomali, ukamata amati maginito ali bwino. Msomali ndi waukulu, ngakhale maginito otopa amaukoka. Chimene tikuopa mu ufa ndi kachitsulo kakang'ono kosweka kunyundo za chigayo, kamene maginito ofooka amakalekerera. Maginito wamba a neodymium amayamba kutaya mphamvu akatenthedwa kupitirira madigiri 80, osasintha maonekedwe n'komwe. 

Za mtengo n'zovuta kutchula nambala, poti zipangizozi n'zoitanitsa kunja ndipo mtengo umayendera dola. Zilipo zam'manja zotsikirapo, zilipo zam'labotale zodula ndithu, monga za kampani ya Lake Shore ya ku America. Kaya mwasankha chiti, funsani satifiketi yosonyeza kuti chinayesedwa, ndipo funsiranitu mtengo wa kandodo kapadera, chifukwa nthawi zambiri ndi kamene kamayamba kuwonongeka. Masukulu kapena zigayo zoyandikana zingathe kusonkherana n'kugula chimodzi, bola wochisunga akhale mmodzi wophunzitsidwa.