Envulopu Yakale: Mboni Yophunzitsira Mbiri ya Dziko Lathu

MAU OYAMBA

Tikamayendera ophunzira athu amene akuyeserera uphunzitsi m'sukulu za m'chigwa chino cha Domasi, dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti phunziro la mbiri yakale lilibe zipangizo. Wophunzitsa masamu amatola timiyala ndi zitsekerero za mabotolo. Wophunzitsa sayansi amatuluka ndi ana panja nakathyola tsamba. Koma wophunzitsa mbiri amangotenga choko ndi kundandalika zaka pa bolodi: 1891, 1907, 1953, 1964. Ana amaloweza zakazo, nalemba mayeso, kenaka nkuiwala, pakuti sanaone kapena kukhudza kanthu kowatsimikizira kuti zimenezi zinachitikadi.

M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti chipangizo chilipo, ndipo nthawi zambiri chagona m'sutikesi ya agogo kapena pakati pa masamba a buku la nyimbo. Chipangizocho ndi envulopu yakale. Dera lathu lino lakhala likulemba ndi kulandira makalata kwa zaka zambiri. Mishoni ya Domasi inatsegulidwa mu 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland. Sukulu ya aphunzitsi ya Jeanes inayamba kuno mu 1929. Ndipo Zomba, mtunda wosakwana makilomita 20 kuchokera kuno, inali likulu la dziko mpaka 1975. Aphunzitsi, akalaliki, asilikali ndi amuna amene anapita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Johannesburg, onsewa ankatumiza makalata kwawo.

MITUNDU IWIRI YA MAENVULOPU

Mtundu woyamba ndi envulopu yachikumbutso. Boma likatulutsa masitampa atsopano okumbukira chinthu china chachikulu, anthu okonda kusonkhanitsa masitampa ankawamata pa envulopu yokhala ndi chojambula chapadera kumanzere kwake, napita nayo ku positi ofesi tsiku lomwelo kuti idindidwe. Pa maenvulopu ambiri otere pamalembedwa mau achingerezi akuti "First Day Cover", kutanthauza envulopu ya tsiku loyamba. Kawirikawiri m'kati munalibe kalata ai. Pa nthawi ya atsamunda zojambula zake zambiri zinkasindikizidwa ndi amalonda a masitampa, ndipo ogula ambiri anali azungu okhala kuno ndi akunja. Motero si zapafupi kupeza envulopu yotere m'mudzi. Komabe zithunzi zake zimapezeka pa intaneti ndi m'mabuku a masitampa, ndipo mphunzitsi angathe kusindikiza zingapo pa pepala.

Mtundu wachiwiri ndi envulopu wamba, imene inanyamuladi uthenga wa maliro, wa ukwati kapena wa ndalama za msonkho. Iyi ndiyo ana angabweretse kuchokera kunyumba. Phunziro labwino limafuna mitundu yonse iwiri, chifukwa monga tione kutsogoloku, uliwonse umanena zimene unzake sunena.

KUWERENGA ENVULOPU

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mwana asangoyang'ana kukongola kwa chithunzi. Timphunzitse kuona mbali zinayi, iliyonse ndi funso lake.

1. Chojambula: akukumbukira chiyani, ndipo ndani akukondwerera?
2. Sitampa: dziko likutchedwa chiyani? Nkhope ndi ya yani? Mtengo wake uli m'ndalama zanji?
3. Chidindo cha positi ofesi: inadindidwa kuti, tsiku liti?
4. Keyala: inkapita kwa yani, kuti, ndipo yalembedwa m'chiyankhulo chanji?

Chidindo chokha chili ndi phunziro la malo. Ana adzapeza maina onga Fort Johnston, Port Herald, Fort Manning, Fort Hill, Cholo, Mlanje ndi Kota Kota, ndipo adzafufuza okha kuti amenewa ndi Mangochi, Nsanje, Mchinji, Chitipa, Thyolo, Mulanje ndi Nkhotakota. Atembenuzenso envulopuyo, pakuti nthawi zina kuseri kumakhala zidindo za malo amene kalatayo inadutsa, ndipo powerenga masiku angadziwe kutalika kwa ulendo. Poyamba makalata a kunja ankalowera pa doko la Chinde, nakwera mitsinje ya Zambezi ndi Shire pa sitima zapamadzi. Njanji ya ku Port Herald inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo mlatho wa njanji wa pa Zambezi unatha mu 1935. M'kati mwa dziko, matumba a makalata ankasenzedwa ndi amtengatenga oyenda pansi, ena atanyamula mfuti poopa mikango. Kanyumba kamene ankapumiramo pa Namaka, pa msewu wa pakati pa Zomba ndi Blantyre, pambuyo pake kanasandutsidwa malo osungiramo mbiri yawo.

ZIMENE BOMA LINASANKHA KUKUMBUKIRA

Tsopano tindandalike masitampa motsata zaka, tione nkhani imene akufotokoza.

Mu 1891, chaka chimene dziko lino linakhala pansi pa Britain, masitampa oyamba sanali athu konse. Anali a kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, imene inkathandiza boma la Harry Johnston ndi ndalama. Anangodindapo zilembo zitatu, B.C.A., kuimira British Central Africa. Mu 1895 kunatuluka masitampa okhala ndi chizindikiro cha boma: amuna awiri achikuda ataima uku ndi uku pa chishango, wina ndi piki, wina ndi fosholo, ndipo pansi pake mau akuti "Light in Darkness", ndiye kuti kuunika mumdima. Dzina la dziko linasintha kukhala Nyasaland mu 1907, ndipo linaoneka pa masitampa mu 1908. Nyalugwe woima pathanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, anaoneka mu 1934.

Masitampa achikumbutso, amene maenvulopu a tsiku loyamba ambiri amachokerapo, anatsatana motere:

1935: zaka 25 za ufumu wa George V. Chithunzi chake ndi nyumba yachifumu ya Windsor ku England.
1937: kulongedwa ufumu kwa George VI, pa 12 Meyi.
1946: kupambana pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chithunzi chake ndi nyumba ya malamulo ya ku London.
1951: zaka 60 za ulamuliro wa Britain kuno. Anaikapo chizindikiro chakale cha boma pamodzi ndi chatsopano.
1953: chionetsero cha ku Bulawayo chokumbukira zaka 100 chibadwire Cecil Rhodes, ndiponso kulongedwa ufumu kwa Elizabeth II, pa 2 Juni.

Masitampa a 1935, 1937 ndi 1946 anatuluka ndi chithunzi chimodzimodzi m'maiko ambiri olamulidwa ndi Britain. Chimene chinkasintha ndi dzina la dziko, mtengo ndi utoto wake basi. Kuyambira mu 1954 anthu ankamata masitampa a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mpaka Chitaganyacho chinatha kumapeto kwa 1963. Pa 6 Julayi 1964 dzina lakuti Malawi linaoneka pa sitampa koyamba, pamodzi ndi nkhope ya Dr. H. Kamuzu Banda.

ZIMENE ZINASIYIDWA

Apa ndi pamene pagona phunziro lenileni. Sitampa ndi chojambula cha pa envulopu si mbiri yonse. Ndi zimene olamulira anafuna kuti anthu azikumbukira. Tsono mphunzitsi afunse funso lachisanu, loposa anayi aja: ndani akusowa pa chithunzipa?

Titenge chaka cha 1953. Envulopu yachikumbutso ya pa 2 Juni ikuonetsa chisangalalo cha ufumu watsopano. Koma m'chaka chomwecho mafumu ndi chipani cha Nyasaland African Congress anali kukana Chitaganya. Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa mpando chifukwa cha kukana kumeneku. Ndipo mu Ogasiti kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi madera ena a kummwera, anthu nafa. Zonsezi sizili pa sitampa iliyonse ya nthawiyo.

Titengenso nkhondo. Asilikali a King's African Rifles ochokera kuno anakamenya nkhondo kutali, mpaka ku Burma, koma sitampa ya chipambano ya 1946 ikuonetsa London. Nzoona kuti pa masitampa wamba a 1945, pamodzi ndi nyanja, tiyi ndi fodya, panalinso msilikali wachikuda. Koma analibe dzina, monganso amuna awiri a piki ndi fosholo aja. Mfumu ya ku England ili ndi dzina. Mwana wa dziko lino akuoneka ngati wantchito chabe. John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915, anadikira mpaka 1965 kuti aoneke pa sitampa, patapita zaka 50, dziko litalandira kale ufulu.

Envulopu wamba ndiyo imadzaza mpata umenewu. Ndi yakuda, yopindika, ndipo keyala yake mwina inalembedwa ndi munthu wina wolembera mnzake wosadziwa kulemba. Koma pa iyo pali dzina la munthu wa kuno, mudzi wake, mfumu yake, ndi chidindo cha ku mgodi kapena ku munda kumene mwamuna wake anapita. Mwana akaika maenvulopu awiriwa pamodzi, wayamba kuchita ntchito ya wofufuza mbiri: kuyerekeza mboni ziwiri ndi kufunsa chifukwa chimene zikusiyanira. Ndipo tisaiwale kuti funso lomweli liyenera kufunsidwanso pa masitampa a Malawi wodzilamulira, popeza boma lililonse limasankha zoti zikumbukiridwe.

KUSONKHANITSA NDI KUSUNGA

Tisanatume ana kunyumba, tiyenera kusamala zinthu zingapo. Taona mwana wachangu akubwera ndi kasitampa kothothola, envulopu yake ataisiya yong'ambika. Chidindo, tsiku ndi keyala zonse zinapita, ndipo mwini wake anatsala ndi mkwiyo. Kulakwa sikunali kwa mwanayo koma kwa ife amene sitinamulangize. Tsono titsate malamulo awa.

Choyamba, mphunzitsi wamkulu adziwe, ndipo makolo apemphedwe mwaulemu. Envulopu yabwerekedwa, siinaperekedwe. Ibwezedwe sabata lomwelo.

Chachiwiri, kalata ya m'kati itsale kunyumba. Makalata a m'banja amakhala ndi za ngongole, za mikangano ndi za matenda, zosayenera kuwerengedwa pamaso pa kalasi.

Chachitatu, sitampa isachotsedwe pa envulopu, ndipo envulopuyo isamatidwe ndi guluu kapena selotepi. Iikidwe m'kathumba kakekake ka pepala loyera, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa, chiswe ndi mphemvu.

Chachinayi, pa envulopu iliyonse palembedwe kakhadi kosonyeza malo ndi tsiku la chidindo, dzina la dziko, chithunzi, mtengo, ndi zimene mwini wake akukumbukira. Ana ajambule envulopuyo m'makope mwawo, kapena mphunzitsi aijambule ndi foni. Makhadi ndi zithunzizo ndizo chuma cha sukulu.

Chachisanu, tisauze ana kuti masitampa akale ndi ndalama. Ambiri mtengo wake ndi wochepa kwambiri, ndipo mau otere angachititse mwana kutsegula sutikesi ya agogo ake mwakuba.

PHUNZIRO LACHITSANZO: SITANDADE 7

Mutu: Kuchokera ku British Central Africa kufika ku Malawi.

Zolinga: pakutha pa phunziroli ana athe kutchula maina anayi amene anaoneka pa masitampa a dziko lino, kuika maenvulopu motsata zaka, ndi kufotokoza chinthu chimodzi chimene chithunzi chasiya.

Zipangizo: maenvulopu kapena zithunzi zake zisanu ndi chimodzi, chingwe, zopanira zovala, mapu a Malawi.

Poyambira: mphunzitsi aonetse envulopu ya Nyasaland, nafunsa kuti, "Kalata iyi inachokera m'dziko liti?" Alole ana atsutsane pang'ono asanawauze yankho.

Gawo loyamba: m'magulu, ana ayankhe mafunso anayi aja, nalemba mayankho pa kakhadi.

Gawo lachiwiri: chingwe chimangidwe kutsogolo kwa kalasi, 1891 kumanzere, 1964 kumanja. Gulu lililonse lipanike envulopu yake pamalo oyenera, ndi kusonyeza pa mapu pamene inadindidwa.

Gawo lachitatu: mphunzitsi aike envulopu yachikumbutso ya 1953 pafupi ndi envulopu wamba ya zaka zomwezo, afotokoze mwachidule za Chitaganya, kenaka afunse funso lachisanu. Asafulumire kuyankha yekha.

Pomaliza: mwana aliyense ajambule envulopu yachikumbutso ya chinthu cha m'dera lake chimene iye akuona kuti nchoyenera kukumbukiridwa, nalemba ziganizo zitatu zofotokoza chifukwa chake.

Phunziroli lingalumikizidwe ndi masamu. Mapeni 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. Pamene kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971, paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri. Ana apeze okha kuti sheleni inali matambala angati.

MAU OTSIRIZA

Masiku ano uthenga umayenda pa foni, ndipo ana ambiri sanamatepo sitampa chibadwire. Eni maenvulopu akalewa akukalamba, ndipo akamwalira mapepala awo nthawi zambiri amakolezera moto. Inu amene mukupita kukaphunzitsa chaka chino mungathe kupeza agogo amene akukumbukira tsiku limene envulopu ina inafika ndi munthu amene anawawerengera kalatayo. Apempheni abwere m'kalasi, akhale pampando, ana awafunse okha.

Mafunso okambirana pa maphunziro athu a sabata likudzali:

1. Mungayankhe bwanji mwana wofunsa kuti, "Nanga sitampayi inanama?"
2. Mungachite chiyani ngati m'kalasi lonse palibe amene wabweretsa envulopu?
3. Ndi zinthu zina ziti za m'nyumba, monga ndalama zakale kapena ziphaso za msonkho, zimene zingafunsidwe mafunso asanu omwewa?