Kochi akukuwa kuti balk, ine ndangoti kakasi

Aphungu,

Ndimakhala ku Indiana m'dziko la America, ndipo chaka chino ndayamba kuyimbira baseball ya anyamata a zaka 13 ndi 14. Loweruka lina panali wothamanga pa besi yachitatu. Woponya anaima chammbali, phazi lakumbuyo litagona motsata labala la pakachulu, koma sanadekhe n'komwe: anangoponda chambuyo pang'ono, n'kunyamula mwendo, n'kuponya. Kochi wa timu inayo anakuwa kuti balk, makolo n'kumavomereza. Ine ndinangoti kakasi, masewero n'kupitirira. Kodi ndinalakwitsa? Nanga ndiziyang'ana pati, poti zonse zimachitika m'kuphethira kwa diso?

Woyimbira watsopano, Indiana

Achimwene,

Ngati ligi yanu imatsata buku la Official Baseball Rules, lomwe amayendera a MLB, kochiyo ananena zoona. Koma nkhaniyi inakupulumukani mpira usanachoke m'dzanja. Mnyamatayo atangoponda labala pakachulu paja, munayenera kudzifunsa kuti waima kaimidwe kati.

Kaimidwe kololedwa n'kawiri. Pa windup woponya amayang'anizana ndi womenya, ndipo thupi likangoyamba kuyenda ayenera kumaliza kuponya osadukiza. Pa set phazi lotsamira limakhudza labala, linzake lili kutsogolo, manja onse awiri agwira mpira patsogolo pa thupi, ndipo ngati pa besi pali wothamanga ayenera kuima zii asanaponye. Mnyamata wanuyo anasakaniza: mapazi a set, kaponyedwe ka windup. Oponya otere atachuluka, mu 2017 bukuli linadula mlandu. Pakakhala wothamanga, woponya amene phazi lake lotsamira lagona motsata labala ndipo linzake lili kutsogolo amatengedwa kuti ali pa set, pokhapokha atakuuzani womenya asanayambe kuti aponyera pa windup. Sanakuuzeni, sanaime: imeneyo ndi balk, ndipo wa pa besi yachitatu uja akanalowa kwawo n'kugoletsa.

Poti awa ndi ana, ine ndikanachita kumufunsa ndisanalole masewero kuti, "Windup kapena set?" Ambiri a msinkhu umenewo amangotengera zomwe aona pa TV, sadziwa n'komwe kuti pali chofunika kunena.

Za poyang'ana, yambani ndi mapazi, manja pambuyo. Phazi lotsamira likachoka pa labala chobwerera m'mbuyo, woponyayo wamasuka, atha kunamizira kuponyera ku besi iliyonse. Likadali pa labala, kunamizira ku besi yoyamba n'koletsedwa, ndipo kuyambira 2013 ku besi yachitatu n'koletsedwanso. Kwatsala ku besi yachiwiri kokha. Akafuna kupezerera wothamanga, phazi lakutsogolo liponde molunjika besiyo mpira usanachoke. Apa oponya amanzere ndiwo amazunguza mutu, chifukwa amayang'ana ku besi yoyamba mwendo uli m'malere, inu osadziwa kuti utera kuti. Oyimbira ambiri amayerekeza mzere wa madigiri 45 pakati pa besi yoyamba ndi pomwe pali womenya. Mzerewo m'buku mulibe, choncho musamautchule kwa kochi ngati lamulo.

Povuta penipeni ndi pa kuima. Buku silitchula masekondi. Manja akatsika n'kudumphanso pompo ngati mpira wogunda pansi, asintha njira chabe, sanaime. Koma musasanduke mlenje wa balk. Mu 1988 akuluakulu a MLB anakhwimitsa mawu a lamuloli kuti kuimako kuzioneka bwino lomwe, ndipo oyimbira anagamula balk zoposa 900 chaka chimodzi. Dave Stewart wa Oakland yekha anapatsidwa 16, nambala yomwe palibe waiposa. Chaka chotsatira mawuwo anawabweza. Mu September 2022 Richard Bleier wa Miami Marlins anagamulidwa katatu pa womenya mmodzi, Pete Alonso wa New York Mets, mpaka Jeff McNeil anachoka pa besi yoyamba kukagoletsa popanda womenya mpira, chonsecho Bleier anali asanagamulidwepo balk mu MLB chiyambire. Anthu amatsutsanabe za usiku umenewo. Lamulo la balk analiikira kuteteza wothamanga kuti asapusitsidwe. Mnyamata wogwedeza phewa chifukwa cha mantha mungomuchenjeza kudzera kwa kochi wake, ngati ligi yanu imalola. Koma wodumpha kuima kuti wothamanga asapeze mpata wonyamuka, ameneyo mugamuleni koyamba komweko, chifukwa mukamulekerera mu inning yoyamba mudzasowa pogwira mu yomaliza.

Fufuzaninso buku lomwe ligi yanu imatsata, pakuti chilango chimayenda mosiyana. Pa malamulo a sukulu za sekondale, a NFHS, mukangogamula balk mpira wafa pompo, othamanga onse asunthe besi imodzi. Pa Official Baseball Rules mumaloza woponya n'kunena mokweza kuti balk, koma ngati waponya kale musaimitse masewero msanga. Womenya akafika pa besi yoyamba, othamanga onse n'kusuntha besi imodzi kapena kuposa, balk ija imaiwalika. Mukafulumira kukweza manja mutha kulanda mwana home run yake. Lamulo la 2023, loti woponya akachoka pa labala kachitatu pa womenya mmodzi osatulutsa wothamanga ndi balk, linabwera ndi wotchi yowerengera nthawi ya woponya ku MLB. Musalitengere kwa ana pokhapokha litalembedwa m'malamulo a ligi yanu.

Kochi akabwera kudzafunsa, yankho likhale lalifupi: "Sanaime," kapena "Sanaponde molunjika besi." Ngati simungatchule chimene woponya walakwa, musagamule, ngakhale makolo akuwe chotani. Ndipo masewero asanayambe gwirizanani ndi woyimbira mnzanu wa ku mabesi: iye ali pabwino kuona ngati manja aima, inu kumbuyo kwa wowakha mumaona bwino kumene phazi la wamanzere latera.